Galimoto Yotopa M'mawa

Galimoto yathu inayamba kufa usiku mu Okutobala, mwezi womwewo umene mphekesera za anamapopa zinabwereranso ku Nkhulambe. Madzulo amuna anga, a Lawrence, ankaiimika pansi pa mtengo wa mango ili bwinobwino. M'mawa akapotokola kiyi inkangoti kete kete, basi, batire latha. Inali galimoto yakale ya magiya apamanja imene tinagula kwa mphunzitsi wina wopuma pantchito. Ine sindinaikonde chiyambire, koma sindinaganizepo kuti ingadzatiitanire anthu onyamula miyala pakhomo.

A Lawrence ndi mlangizi wa zaumoyo. Kwathu ndi ku Dedza, ku Phalombe kuno tinabwera ndi ntchito zaka zitatu zapitazo. M'mudzi ankawatchula kuti adokotala ngakhale iwo ankakana tsiku ndi tsiku. Ntchito yawo inali kukweza ana sikelo, kupereka katemera ndi kuyeza malungo, kuja kobaya chala n'kutenga kadontho ka magazi. Nthawi yamtendere ntchito imeneyi inkatibweretsera chinangwa ndi nandolo pakhomo. Koma anthu atayamba kugona panja m'magulu, akuti kwabwera alendo oyenda usiku ndi zipangizo zopopera magazi a anthu ogona, ine ndinagwidwa ndi mantha. Ife tinali obwera, tinali ndi galimoto, ndipo amuna anga ankagwira magazi a ana dzuwa likuswa mtengo.

Masiku atatu oyamba anthu ankatithandiza kukankha galimoto mpaka pamtsetse wa kutchalitchi, n'kulira. Tsiku lachinayi sipanabwere munthu. Ndinakankha ndekha, chitenje nditamangira m'chiuno, anthu akundionerera ali pamakonde awo.

Nkhani yonse ndinakaimva kumjigo. Nditangofika, amayi onse anangoti zii. A Eveles, oyandikana nafe nyumba, amene anandiphunzitsa kuphika nyemba za kalongonda ndipo tinkapalana moto ngati pachibale, anatembenuza nkhope. Mwana wawo Madalo, wazaka zisanu, anali atadwala sabata yathunthu, zikhatho zitayera mbee. Mayi wina wachikulire anayankhula akuyang'ana m'ndowa yake, koma mawuwo anali anga.

"Ng'ombe ikadzuka yotopa, dziwani kuti yalima usiku. Nanga galimoto yogona pansi pa mtengo ingatope ndi chiyani?"

Ndinasenza ndowa yosadzaza n'kubwerera.

"Bambo a Favour," ndinatero nditangolowa m'nyumba, "anthu akuti galimoto yanu imayenda usiku. Akuti ndinu amene mukumaliza magazi a Madalo."

Iwo anaseka. Amuna anga ali ndi matenda amodzi osachiritsika: amakhulupirira kuti munthu ukamufotokozera bwinobwino amamva. "Batire lakalamba, amayi, palibenso china. Ndiwafotokozera."

"Mudzawafotokozera muli m'kati mwa moto? Mwaiwala za ulendo wapita uja? Anthu anaphedwa, ena analibe ndi njinga yomwe. Itanani makaniko lero lomwe!"

Makaniko wake anali a Eneya, mbadwa ya komweko, bambo wamfupi amene ankakonza njinga zamoto, zigayo ndi magalimoto pansi pa mtengo wa pamsika. Anabwera Lachinayi madzulo pa njinga yakapalasa, masipanala atawakulunga m'thumba la feteleza. Tinakankha galimoto n'kulira, iwo anayeza ndi kachipangizo kawo n'kunena kuti injini ikamalira, batire likudzaza bwino. Kenako anazimitsa n'kumasula waya mmodzi wa pabatire.

"Igone chomwechi," anatero. "Mawa mukabwezera wayayu n'kulira, ndiye kuti batire lilibe mlandu. Ndiye kuti muli wakuba m'galimoto momwemu amene amamwa moto inu mukugona. Ndibwera Loweruka tidzamusake."

Lachisanu m'mawa a Lawrence anabwezera waya uja, galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Anandiyang'ana mwamatama ngati awina mlandu. Pofika masana nkhani inali itafika kale kumsika, koma itavala malaya ena. Akuti a Eneya anaimanga mwendo galimoto ya adokotala, ndiye usiku umenewo sinayende, n'chifukwa chake yadzuka ndi mphamvu. Chimene amuna anga ankati chatiyeretsa ndi chomwecho chinatimangitsa.

Madzulo ake anatenga chikwama chawo cha mankhwala kuti akamuone Madalo. Sanafike ndi pakhonde pomwe. A Davison, achimwene awo a Eveles, malume a mwanayo komanso mwini mbumba, anawabweza ndi chikwanje m'manja. A Lawrence anabwerera atasiya kuseka, n'kumasulanso waya uja monga anawauzira a Eneya. Kutacha Loweruka tinamva kuti Madalo wakomoka kawiri. Palibe amene anafunsa kuti nanga galimoto yomangidwa mwendo yamufikira bwanji mwanayo.

Anabwera cha m'ma teni koloko. Choyamba ndinamva malikhweru ndi agalu, kenako ndinaona fumbi kumsewu wa kumsika. Ndinamunyamula Favour, mwana wathu wazaka zinayi, n'kukamutsekera kuchipinda. Ndinayesa foni, netiweki kulibe, monga mwa masiku onse pansi pa phiri la Mulanje. Kuseri kwa nyumba kunali munda wa chinangwa, kenako matanthwe okhaokha. Kothawira kunalibe.

Anali anthu oposa makumi asanu. Ambiri ndinkawadziwa ndi maina, ena tinkaimba nawo kwaya. Ena ananyamula miyala, ena zibonga, ndipo bambo wina wa malaya ofiira anali ndi chigubu cha petulo.

"Adokotala, tulukani!" anakuwa a Davison. "Tadzera galimoto. Mukachedwa tidzera inu."

Ndinawagwira malaya amuna anga koma anatuluka, ine n'kutuluka nawo ndili chigwirire. Anayamba kufotokoza za mabatire. Mawu awo anamira m'phokoso, ndipo mwala woyamba unagwa padenga la malata. Ndinadziwa kuti galimoto ikangoyaka, sakhutira ndi galimoto yokha.

Pamenepo panamveka belu la njinga. A Eneya anadutsa pakati pa gululo akuliza belu ngati akudutsa pakati pa mbuzi. "Mosheliwa, mosheliwa," ankapereka moni wa Chilomwe uku ndi uku. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango n'kumasula thumba lawo la masipanala.

"Davison, mphwanga, galimoto iyi ndaigwira ine ndi manja angawa. Mukaiwotcha ndisanamalize, mawa anthu azidzati Eneya ntchito inamukanika. Ndipatseni ola limodzi. Chimene chikumwa moto ndichigwira inu mukuona. Ndikalephera, machesi ndikupatsani ndine."

Ndinafuna kuwalavulira. Munthu uyu anali atayika miyoyo yathu pa bawo osatifunsa. Koma anthu anayang'anizana, ndipo popeza theka la iwo anali abale ake, anasendera pafupi kuti aone.

A Eneya anatsekula boneti. Anatenga kiyi kwa a Lawrence, kumuonetsa m'mwamba, n'kumupereka kwa a Davison. "Sunga iwe. Zitseko zonse n'zotseka, injini yazima, wailesi yazima. Galimoto ili mtulo, si choncho?" Anatulutsa kababu kolumikizidwa ndi mawaya awiri. Waya mmodzi anagunditsa pamutu wa batire, winayo pa waya womasula uja. "Ngati ilidi mtulo, babu ili siliyaka."

Babu linayaka.

"Ili maso!" anakuwa mayi wina. Gulu lonse linabwerera m'mbuyo, kenako linabweranso mwaukali. Mwala unamenya galasi lakutsogolo n'kuling'amba kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ine ndinagwada osadziwa kuti ndagwada.

"Eya, ili maso," anatero a Eneya osatembenuka. "Ndimafuna muone zimenezo. Tsopano moto uliwonse wa m'galimoto umadutsa pa timageti iti." Anatsekula kabokosi kakuda ka pafupi ndi batire n'kuonetsa mafyuzi ofiira, abuluu ndi achikasu. "Nditseka geti limodzilimodzi. Limene ndikatseke babu n'kuzima, wakuba wathu amadutsa pamenepo."

Anazula yoyamba. "Nyale zakutsogolo." Babu linayakabe. Anaibwezera n'kuzula ina. "Hutala." Likuyaka. "Wailesi." Likuyaka. Ankachita pang'onopang'ono, fyuzi iliyonse kuiuzira fumbi asanaibwezere. Wina atawakalipira kuti afulumire, anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Bambo wa malaya ofiira uja anatsekula chigubu chake, fungo la petulo n'kufika mpaka pakhonde. M'kabokosimo munatsala mafyuzi ochepa, ndipo ndinayamba kupemphera mokweza, osasamala kuti ndani akumva.

Pa fyuzi yachisanu ndi chinayi babu linazima. Anaibwezera, linayaka. Anaizula, linazima.

"Wapezeka. Iyi ndi ya nyale za m'kati."

Anaibwezeranso, ndipo anthu anathamangira pamawindo kukasuzumira. Nyale yakudenga inali yozima.

"Nyale yake iti?" anafunsa a Davison. "Mukutipusitsa masana ano, a Eneya?"

A Eneya anakanda mutu. Ndinaona pankhope pawo kuti kwa kanthawi iwonso sankadziwa. Anazungulira galimoto, akuwerama pansi, akugwira apa ndi apo. Atafika kumbuyo anaima.

"Davison, tabwera ndi kiyi, utsekule buti."

Anthu anakankhana pobwerera m'mbuyo, chifukwa mphekesera inkati mabotolo a magazi amasungidwa m'menemo. A Davison anatsekula atatambasula mkono ngati akugwira njoka. Munali tayala, jeke ndi zinyalala, ndipo m'mwamba mwake kanyale kakang'ono kakuyaka.

"Kanyale aka kamayenera kuzima buti likatsekedwa," anatero a Eneya. "Ndikuganiza kuti sikazima. Kamayaka usana ndi usiku m'menemo, inu osakaona. Masana injini imadzaza batire, usiku kamalimwa mpaka kugwa."

"Mukuganiza?" anatero a Davison. "Likatsekedwa tiona bwanji?"

A Lawrence anati tiikemo foni izijambula. A Davison anati mafoni amanama, ndipo gulu linavomereza.

"Ndiye alowe munthu, timutsekere," anatero a Eneya. "Ndikalowa ine mudzati adokotala andigula. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Davison, lowa wekha."

A Davison, mwamuna wa mawu ambiri amene anasonkhanitsa mudzi wonse m'mawa umodzi, anayang'ana m'butimo n'kupukusa mutu. "Ine sindingalowe m'bokosi ndili moyo." A Eneya anayang'ana amuna ena mmodzimmodzi. Aliyense anapeza chochititsa chidwi pa zala za kumapazi kwake.

"Tikutaya nthawi," anatero wa chigubu uja, n'kuyamba kuthira petulo patayala lakutsogolo.

"Ndilowa ine."

Anali a Eveles. Anachokera kumbuyo kwa gulu, Madalo ali kumsana, mutu uli lende. Anamutsitsa n'kumupereka kwa mayi wina.

"Mlongo, usayerekeze," anatero a Davison.

"Achimwene, mwalankhula sabata yonse, mwana sanachire. Mwanayu ndi wanga. Ndikufuna ndione ndekha." Kenako anandiyang'ana ine, koyamba m'masiku asanu. "Amake Favour, ndikapanda kutulukamo bwino, Mulungu akukuonani."

Anakwinya chitenje, kukwera, n'kugona chopinda miyendo pambali pa tayala. A Eneya anatseka buti.

Sindinaonepo anthu ambiri chonchija atakhala chete. Dzuwa la Okutobala linkawotcha chitsulo cha galimotoyo, ndipo ndinadziwa mmene m'katimo munalili. Mayi amene sanagone sabata yonse, wamantha, atatsekeredwa motentha chonchija. Akangokuwa, tafa. Akakomoka, tafa. Loko wa butiyo nthawi zina ankakakamira, ndipo ndinakumbukira zimenezo mochedwa. Dzanja la a Lawrence linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Kuchipinda Favour anayamba kuitana, "Amayi, amayi," ndipo sindinathe kupita.

Kenako kunamveka kugogoda, katatu.

A Davison anathamanga ndi kiyi. Kiyi anawapulumuka n'kugwa m'fumbi. Anatola, kulowetsa, kupotokola, loko osatseguka. Wina anakuwa kuti galimoto yamumeza. Ndinaona manja akukwera m'mwamba ndi miyala. A Eneya anakankhira chivundikiro pansi ndi chigongono n'kunena kuti, "Potokolanso." Buti linatseguka.

A Eveles anadzuka thukuta lili kamukamu. Anayang'ana achimwene awo, anayang'ana gulu, n'kutiyang'ana ife. Akanatha kunena chilichonse, ndipo chilichonse chimene akananena chikanakhala chomwecho.

"Kakuyaka," anatero. "Atatseka sikanazime. Ndakagwira, n'kotentha. Mulibe china m'menemo, muli tayala ndi makoko a nandolo."

A Eneya anazula kanyaleko n'kukaika m'dzanja la a Davison, amene anakaponya pansi chifukwa cha kutentha. Kutsogolo, babu loyezera lija linali litazima. Kenako anaonetsa kabatani kakang'ono m'mphepete mwa buti, kopindikira pambali. "Aka ndi kamene chivundikiro chimakanikiza kuti nyale izime. Kapindika. Bwana, munanyamula chiyani chimene chinakana kutsekeka?"

Amuna anga anakumbukira. "Matumba a nandolo. Tinamanga ndi mphira."

"Anali anga," anatero a Eveles motsitsa mawu. "Matumba atatu. Anandiperekeza nawo kumsika."

Palibe amene anapepesa. Ndinangomva miyala ikugwa pansi umodziumodzi, anthu akuisiya kumbuyo kwa miyendo yawo ngati sanaigwirepo. Wa malaya ofiira anatseka chigubu n'kufotsera ndi phazi petulo amene anathira. Ena anayamba kubwerera, koma ambiri anatsala, ndipo a Davison anali chiimire ndi chibonga chawo.

A Eveles anatenga Madalo n'kubwera naye pakhonde pathu. "Adokotala, ngati si galimoto, magazi a mwana wanga akupita kuti?"

"Ndikuganiza kuti ndi malungo, mayi. Akakhalitsa m'thupi amamaliza magazi. Koma kuti nditsimikize, ndiyenera kumubaya chala."

Ndinafuna kukuwa kuti ayi, osati lero, osati pamaso pa anthu awa. Koma a Eveles anali atakhala kale pansi, atatambasula kadzanja ka mwanayo. A Lawrence anatenga chikwama chawo. Munthu amene anabaya zala za ana osawerengeka analephera kung'amba kapepala ka singano, mpaka anang'amba ndi mano. A Davison anaima pamwamba pawo, chithunzithunzi chawo chitaphimba manja a amuna anga. Anabaya. Madalo sanalire n'komwe. Kadontho kanatuluka kotuwa ngati madzi otsukira nyama, ndipo anthu onse anakaona.

Tinadikira. Mzere woyamba unaoneka, kenako wachiwiri, wakuda bii.

"Malungo," anatero a Lawrence. "Akulu. Mankhwala amene ndili nawo pano sangakwanire, akufunika kuchipatala chachikulu, mwina amuwonjezere magazi."

"Achira?" anafunsa a Eveles.

"Tikathamanga."

A Eneya anamanga waya wa batire, galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. A Eveles anakwera kumbuyo ndi mwana. A Davison anazengereza, kenako anatsamiritsa chibonga pamtengo n'kukhala kutsogolo. Amuna anga analowa m'nyumba ngati akukatenga laisensi, n'kundikokera kuseri kwa chitseko.

"Mwanayu wafooka kwambiri," ananong'ona. "Akafera panjira, m'galimoto yathu, ine ndikuyendetsa, ukudziwa zimene zichitike. Longedza chikwama. Likamapendeka dzuwa tisanabwere, tenga Favour, upeze njinga yamoto, muthawe kudzera njira ya pakati pa mapiri ya ku Fort Lister. Usandidikire."

Ndinalongedza zovala za mwana, mabuku athu a kuchipatala, satifiketi ya amuna anga ndi bulangete limodzi. Ndinakhala pa chikwamacho kuseri kwa chitseko, Favour ali pamiyendo, masana onse. Sindinaphike. Njinga iliyonse yodutsa pamsewu inkandidumphitsa mtima. Pabwalo miyala inali mbwee pomwe anaisiya, ndipo ndinkaopa kutuluka kuti ndikaichotse.

Chithunzithunzi cha mango chitafika pakhonde, ndinamva kulira kwa injini yathu. Ndinasuzumira pawindo. Anatsika a Lawrence, kenako a Davison. A Eveles ndi mwana munalibe. Ndinagwira chikwama dzanja limodzi, Favour dzanja linalo.

A Davison anafika pakhonde n'kuvula chipewa. "Odi, amake Favour." Sindinatsekule. Anayankhula ndi chitseko. "Amugoneka. Amupatsa magazi. Pamene timanyamuka anatsegula maso n'kupempha madzi." Kenako anatembenuka n'kuyamba kutola miyala ya pabwalo, kukaiunjika kumpanda.

Madalo anachira. Patapita sabata a Eveles anabwera ndi mbale ya chinangwa chophika, tinakhala pamphasa n'kulira limodzi. Galimoto sinafenso m'mawa. A Lawrence anati zatha, anthu amvetsa, ndimasule chikwama. Ndinawauza kuti ndimasula mawa. Tinakhala ku Nkhulambe chaka china chathunthu, ndipo chikwamacho chinali kuseri kwa chitseko, cholongedza, mpaka tsiku limene tinasamuka.